Abusa, ndikagwada ndimangogona, kodi ndabwerera m'mbuyo?

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina wa ku Ndirande, ndalifupikitsa pang'ono: "Abusa, ine ndili ndi ana atatu ndipo ndimagulitsa kaunjika. Bambo akunyumba amayendetsa thiraki nde nthawi zambiri sakhalapo. Ndimadzuka 4 koloko, pobwera kumsika ndi kamdima, kuphika, kuchapa mayunifomu, kuona homuweki ya ana, pogona ndi cha m'ma 11. Kutchalitchi sindijomba, ndili mu Mvano, ndili mukwaya, kumlaga ndine mlembi. Koma mumtima muli gwaa, Mulungu ndimamumva ali kutali. Usiku ndikagwada kuti ndipemphere ndimadzidzimuka nditagona pomwepo. Anzanga akuti ndi mzimu wa tulo, ndikwere kuphiri ndikasale kudya. Kodi ndabwerera m'mbuyo? Nditani kuti mtima ukhale pansi ndimuyandikire Mulungu?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba momasuka chonchi, chifukwa ambiri amene akudutsa mu zomwezi sanena, amangovala yunifomu yoyera Lachinayi n'kumaimba nawo koma mkati muli mouma. Ndiyambire pomwe pakukuwawani kwambiripo. Ayi, simunabwerere m'mbuyo. Munthu wobwerera m'mbuyo sadandaula kuti Mulungu watalikira, iyeyo ndi pomwe amapeza mpumulo kumene, sangakhale pansi atatopa ndi geni n'kulemba kalata ngati yanuyi. Inu njala ya Mulungu muli nayo, ndipo njala imeneyo woiika mumtima mwa munthu ndi Mulungu yemweyo.

Nde za mzimu wa tulozi, tiyeni tiwerengetsere limodzi. Mukugona 11 n'kudzuka 4, ndi maola 5 amenewo, pomwe achipatala amati munthu wamkulu azigona osachepera maola 7. Tsiku lonse mwaimirira pabenchi, mwanyamula belo, mwalimbana ndi makasitomala onenerera, mwabwera mwaphika mwachapa, kenako mukugwada mumdima mutu mwautsamiritsa pamatilesi maso mwatseka. Thupi lililonse lingagone mayi, olo la m'busa. Anzanuwo akunena mokufunirani zabwino, sindikuwanyoza, koma sikuti chilichonse ndi chiwanda ayi, ndipo zimandipweteka kuona mayi wotopa akusenzetsedwa katundu wina wodziona ngati wogwidwa ndi mizimu pomwe vuto lake ndi kutopa.

Tsegulani 1 Mafumu 19 muwerenge mofatsa. Eliya wangochoka kumene paphiri la Karimeli pomwe anaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450, moto watsika kumwamba, mvula yagwa, iye wathamanga mpaka ku Yezreeli. Kenako uthenga wa Yezebeli wongomuopseza basi, munthu wa Mulungu uja wathawira kuchipululu, wakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti bola afe. Ndiye taonani chomwe Mulungu anachita. Sanamudzudzule, sanamuuze kuti asale kudya, sanamufunse kuti chikhulupiriro chako chapita kuti. Anamusiya agone. Mngelo anabwera kudzamudzutsa kuti adye, kumutu kwake kuli mkate wootcha pamakala ndi mtsuko wa madzi, anadya n'kugonanso, mngelo n'kubweranso kachiwiri kuti dzuka udye ulendowu wakukulira. Kulankhulana kwenikweni kunadzachitika patsogolo ku Horebu, ndipo nakonso kunadutsa chimphepo chong'amba matanthwe, chivomezi, moto, Yehova osakhalamo mu zonsezo, mpaka kunagwa bata, ndi m'menemo Eliya anafunda nkhope n'kutuluka kukaima pakhomo la phanga. Ine ndimaona kuti dongosolo limeneli silinalembedwe mwangozi. Tulo kaye, chakudya kaye, kenako bata, kenako mawu. Inu mukufuna kuyambira kumawu thupi lili lefu.

Tsopano ndinene chomwe mwina simunayembekezere kumva kwa m'busa. Zochita zanu za kutchalitchi zachuluka. Mvano, pulakatisi ya kwaya mwina kawiri pasabata, kumlaga, ulembi, ndiye onjezerani maliro, zinkhoswe, mabulaidoshawa, pepa Sande, mamiting'i a Lamulungu tikaweruka omwe amati atenga mphindi zochepa koma mukutuluka 3 koloko. Zonsezi ndi zabwino payekhapayekha, koma mipingo yathu masiku ano yadzadza mapulogalamu moti munthu akhoza kukhala mu ntchito ya Mulungu sabata yathunthu osakhalapo ndi Mulungu olo kamphindi. Ndipo amene amasenza kwambiri ndi amayi ngati inu, osakana, oti akangoti mayi uje ndi wodalirika basi chilichonse chikugwera kwa iwo. Pa Luka 10 Marita sankachita tchimo, ankaphikira Yesu weniweniyo, mlendo ali m'nyumba, nanga akanatani. Koma Yesu anamuuza kuti ukuda nkhawa ndi kuvutika ndi zambiri. Sanadzudzule mphika, anadzudzula mtima womwazika womwe unafika poyamba kukwiyira m'bale wake ngakhalenso mlendo amene ankamuphikirayo. Mukayamba kuona kuti mukupita ku pulakatisi mukung'ung'udza, mukuwerenga amene sanabwere, mukupsa mtima kuti ntchito yonse akusiyirani inu, dziwani kuti mwafika pa Marita. Pa Marko 6:31 ophunzira atabwera kuntchito yolalikira, anthu akungopita ndi kubwera moti analibe mpata olo wakudya, Yesu mwini wake ndi amene anati tiyeni padera mukapumule pang'ono. Ntchito inali isanathe, odwala anali akadalipo.

Ndiye langizo langa ndi loti mutule udindo umodzi. Osati zonse, osati kuchoka mumpingo, umodzi basi, ndipo ndikanakhala ine ndikanayang'ana pakati pa ulembi ndi kwaya kuti ndi chiti chikundidyera madzulo ambiri. Pitani kwa akuluampingo akumlaga kwanu kapena kwa amayi apampando mwaulemu, muwauze kuti chaka chino ndipumeko, bambo sakhalapo ndipo ana akufuna ine. Ena adzalankhula, adzati mwazirala, zimenezo ziyembekezereni ndipo zisakusunthe. Ntchito ya Mulungu siinaimepo chifukwa choti mayi mmodzi wapuma, mwinanso mukatula ndi pomwe mtsikana wina amene amangokhala kumbuyo adzapeze mpata wophunzira.

Zakuphiri sindikuletsani. Anthu amakwera Soche, amakwera phiri la Ndirande lomwelo, ku Lilongwe amapita ku Bunda, anzathu a Katolika ali ndi Njira ya Mtanda ku Michiru, ndipo ambiri amatsikako atathandizika ndithu, Yesu nayenso ankakwera kuphiri kukapemphera. Tsiku lina mukapeza wokusungirani benchi pitani, musapite nokha, pitani ndi anzanu odalirika ndipo masana. Koma phiri silingakhale yankho la funso lanu, chifukwa mukatsikako alamu ya 4 koloko ikukudikirani, belo likukudikirani, ndipo Mulungu amene mumangomupeza kuphiri kamodzi pa miyezi itatu adzakhalabe wakutali masiku ena onsewo. Kusala kudya nako kuli ndi malo ake, koma munthu wogona maola 5 wonyamula katundu padzuwa, kuyamba ndi kusala kwa masiku ambiri ndi kuonjezera bala pabala, ndipo ngati muli ndi shuga kapena zilonda zam'mimba kapena mukumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku musayambe musanafunse achipatala. Chomwe mukusowa inu ndi kamalo kakang'ono mkati mwa tsiku lanu lomweli, kokhazikika, komwe simusuntha.

Danieli sanali munthu wa ulova. Mu ufumu wa Dariyo anali mmodzi mwa akuluakulu atatu oyang'anira akalonga 120, bwana wa boma weniweni, koma katatu patsiku ankalowa m'chipinda chake chapamwamba n'kugwada, ndipo Danieli 6:10 ikutsindika kuti ankachita monga anazolowera kale, moti adani ake ankadziwa ola lomupezera. Apa abale athu achisilamu amatiphunzitsa kanthu. Mwaonapo nokha mu Limbe ngakhale mumsika mwanumo, nthawi ya swala ikakwana munthu amasiyira mnzake katundu kapena kukhoma shopu kumene, kasitomala adikire, iye wapita. Sadikira kuti mtima umve kufuna kupemphera, nthawi ndi imene imamuitana. Ife akhristu ambiri timadikira mpata, ndipo mpata kwa mayi wa ana atatu subwera, umachita kulandidwa.

Nde mpata wanu uli pati? Ine ndikuuona m'mawa, ndipo sindikunena kuti mudzuke 3 koloko ayi, tulo tanu tachepa kale. Ndikunena nthawi ija mwakoleza mbaula, mwatereka madzi osamba a ana, makala akuyaka pang'onopang'ono ndipo palibe chomwe mungachite kuti madziwo afulumire. Nthawi imeneyo mumaidzadza ndi kusesa, kutsuka mbale za dzulo kapena kutsegula foni. Ipatuleni. Kokani kampando kapena khalani pakhonde mutafunda chitenje, msana wowongoka, musagwade ndipo musatsamire pabedi, maso mukhoza kungoyang'ana motowo. Kunja kukadali mdima, atambala akulira, mwina mukumva minibasi yoyamba ikuitanira patali ndi phazi la anthu opita kukapikula, ana ali mtulo. Kuyambira pomwe mwatereka mpaka madzi atayamba kulira mumphika, mphindi 10 kapena 15, imeneyo ndi ya inu ndi Mulungu. Ubwino womangirira pemphero ku ntchito yomwe mumachita kale tsiku lililonse ndi woti simufunika kukumbukira, mbaula ndi imene imakukumbutsani. Pa Marko 1:35 Yesu naye anadzuka kusanache n'kupita kwayekha, ndipo anali atagwira ntchito mpaka usiku dzulo lake, mudzi wonse utasonkhana pakhomo, ndipo sipanatenge nthawi Simoni anamulondola kuti aliyense akukufunani. Moyo wofunidwa ndi aliyense amaudziwa.

Mukakhala pamenepo muzitani? Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera chifukwa tinazolowera kuti kupemphera ndi kulankhula, ndipo tikangoti Atate wathu wakumwamba mndandanda wayamba, fizi, lendi, geni, chitetezo cha bambo pamsewu, adani, amen, n'kunyamuka. Zopempha sizolakwika, Yesu anatiuza kuti tizipempha chakudya chalero. Koma tangoganizani, pamphindi 10 zonsezo wolankhula ndi inu nokha, ndipo mukulankhula za zinthu zomwezo zomwe zikukusowetsani mtendere, ndiye mukudzuka pamenepo mtima uli wothamanga kuposa poyamba. Yesani motere. Yambani ndi kupuma mpweya mofatsa kangapo, mapewa agwe, nsagwada zimasuke, muuze Mulungu mawu ochepa, Ambuye ndabwera, ndili pano. Kenako vesi limodzi kapena awiri, osati chaputala chonse. Ngati mumatsata Mlozo, kabuku ka ndime za m'Baibulo zowerenga tsiku ndi tsiku, tengani ndime ya tsikulo musankhemo chiganizo chimodzi chomwe chakukhudzani, ngati mulibe yambani ndi Masalimo, 23, 62, 121, 131, kapena kuyenda pang'onopang'ono mu Marko. Liwerengeni kawiri katatu monong'ona. Mukatero tsekani Baibulo mukhale chete, vesi lija lizingozungulira mumtima, osalikakamiza kuti likupatseni uthenga waukulu. Zopempha zibwere kumapeto, ndipo mudzaona kuti zimatuluka zochepa komanso zoona.

Masiku oyamba chete ameneyu adzakusowetsani mtendere, ndikuuzirenitu. Mukangotseka pakamwa mutu umatseguka, ngongole ya banki m'khonde Lachisanu, belo lija linatuluka zosagulika, mawu omwe anakuyankhulani apabenchi loyandikana, nsapato ya mwana yang'ambika, bambo sanaimbe foni kuchokera pa boda. Anthu ambiri amasiyira pomwepa n'kumati ine sinditha. Koma maganizo amenewo sanabwere chifukwa mwakhala chete, analipo kale, phokoso ndi lomwe limawabisa. Mukatunga madzi avumbwevumbwe pachitsime nthawi yadzinja simuwayeretsa powavundula ndi dzanja, mumaika ndowa pansi n'kuisiya, matope amatsika okha. Mtima nawo ndi choncho. Ganizo likabwera musalimbane nalo, musadzikalipire, litchuleni dzina n'kulipereka, Ambuye nayi ngongole ija, ndaiika m'manja mwanu, kenako bwererani ku vesi lanu. Likabweranso teroninso. Olo mubwerere kakhumi pamphindi khumi, kubwerera kulikonseko ndi kusankha Mulungu, ndipo pemphero lake ndi limenelo. Ngati ndi chinthu choti mukuopa kuiwala, monga kugula sopo kapena kutumiza ndalama kumudzi, khalani ndi kapepala pafupi mulembe, mutu umasiya chinthu ukadziwa kuti chasungidwa.

Sindikunyoza kupemphera mokweza. Ndakhala nawo m'maovanaiti momwe anthu amafuula kwa Mulungu ndi mtima wonse ndipo Masalimo adzadza ndi kufuula. Chomwe ndikukana ndi maganizo omwe afala oti pemphero lamphamvu ndi laphokoso lokha, loti ukapanda kutuluka thukuta ndi kusasa mawu ndiye kuti sunapemphere. Hana ku Silo ankangogwedeza milomo mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera, koma pemphero limenelo ndi lomwe linabala Samueli. Yesu pa Mateyu 6 anati lowa m'chipinda utseke chitseko, ndipo anachenjeza za kuchulukitsa mawu poganiza kuti ndi momwe timvekere, poti Atate akudziwa zosowa zathu tisanapemphe. Ndipo Aroma 8:26 ndi vesi la anthu otopa, likuti sitidziwa kupempha monga tiyenera koma Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Tsiku lomwe mawu akusowani, mwangokhala pambali pa mbaula misozi ikutsika, musaganize kuti simunapemphere.

Foni ndiyo mdani wamkulu wa kamphindi kameneka, kuposa ana, kuposa geni. Ndikudziwa kuti mumagulitsirapo, makasitomala amafunsa mitengo pa WhatsApp, bambo amakupezerani pomwepo. Koma ikangotseguka m'mawa mwalowetsa msika wonse m'nyumba kusanache, uthenga wamaliro, mkangano wa pagulupu ya abale, mtengo wa dola, kavidiyo kena pa TikTok, ndipo olo mavesi otumizirana aja ndi ma voice note a maulosi, nalonso ndi phokoso, laukhristu koma phokoso ndithu. Lamulo likhale limodzi, foni siyatsidwa data madzi asanawire. Ngati Baibulo lanu lili pafoni, bwerani nalo la pepala pakhondepo, lomwe mumanyamula ku Mvano lija.

Tsiku likayamba musaganize kuti Mulungu mwamusiya pakhonde. Nehemiya anali woperekera chikho kwa mfumu ya ku Perisiya, mfumu inamufunsa kuti ukufuna chiyani, ndipo pakati pa funso ndi yankho Baibulo likuti anapemphera kwa Mulungu wakumwamba, ali pomwepo pamaso pa mfumu, mwina mpweya umodzi basi. Kuno ku Africa komwe kuno, m'chipululu cha Egypt zaka za m'ma 300, kunali amonke omwe ankaluka madengu ndi zingwe kuti apeze chakudya, manja akugwira ntchito pakamwa akubwereza kavesi kamodzi, ndipo limodzi lomwe ankalikonda ndi Masalimo 70:1, lopempha Mulungu kuti afulumire kuthandiza. Ku Paris kunali m'bale wina wa chipani cha Akarimeli wodziwika kuti Brother Lawrence, anamwalira mu 1691, poyamba anali msilikali ndipo ankatsimphina, anamuika kukhitchini ntchito yomwe sankaikonda n'komwe, koma anadziphunzitsa kumalankhula ndi Mulungu pakati pa mapoto ndi anthu omuitana uku ndi uku, mpaka anthu ophunzira ankabwera kudzafunsa nzeru kwa wophikayo. Ndimamutchula chifukwa moyo wake ukufanana ndi wanu kuposa wa mlaliki aliyense wa pa TV.

Ndiye tengani vesi la m'mawa lija mulifupikitse likhale loti mukhoza kulinena ndi mpweya umodzi, Yehova ndiye m'busa wanga, kapena Ambuye Yesu ndichitireni chifundo, muziyenda nalo. Mu minibasi mwapanikizana anayi anayi kondakitala akukangana ndi wina za chenje, inu mumtima mukulinena. Mukamamasula belo, musanadule chingwe, mtima uli phaphapha kuti mutuluka zotani, linenani. Mukamayala malaya pabenchi, kasitomala akachoka osagula atakuvundulirani mulu wonse, musanatulutse mawu aja omwe amabwera okha, linenani. Ndipo ndionjezere ichi poti ena amachisiya, kuyandikira Mulungu pamsika kumadutsanso mu momwe mukugulitsira. Diresi ili ndi kabowo kumsana inu mukudziwa, mtsikana wogulayo sanaone, pamenepo pali guwa lansembe. Mtima womwe wanamiza anthu masana umavuta kukhazikika madzulo, ndipo nthawi zina chomwe timachitcha kuuma kwa pemphero ndi chikumbumtima chomwe tikuchithawa. Sindikunena kuti ndi momwe zilili kwa inu, koma chete akamakula amaonetsa zoterezi, ndipo zikaoneka musathawe, vomerezani mukonze.

Usiku musadzipatsenso mtolo. Pemphero lalitali lausiku lisiyeni kaye nyengo ino. Anzathu a Katolika ali ndi kachitidwe komwe anaphunzitsa Ignatius wa ku Loyola zaka za m'ma 1500, koyang'ana m'mbuyo tsiku lomwe lapitalo pamaso pa Mulungu, ndipo ine ngakhale ndili wa mpingo wina ndimakaona kothandiza kwambiri kwa anthu otanganidwa. Mwachidule mumadzifunsa, lero ndithokoze chiyani, ndi pati ndinamuona Mulungu, ndi pati ndinamufulatira, mawa ndikufuna chithandizo pa chiyani. Mphindi 5 zakwana. Chitani mutakhala tsonga, musanalowe muneti, mwina pomwe mwanyika mayunifomu kapena mutangomaliza kudya, ndipo gawo lothokozalo mukhoza kuchita ndi ana, aliyense atchule chinthu chimodzi, limenelo ndi pemphero la pabanja lokwanira. Mukagona pakati pake gonani ndi mtendere. Masalimo 127:2 amanena za anthu olawirira m'mamawa ndi kugona mochedwa, akudya chakudya chovutikira, n'kumaliza ndi kuti Mulungu amapatsa okondedwa ake tulo. Tulo ndi mphatso mayi, musamalape chifukwa cholandira mphatso.

Pamenepa pakubweranso nkhani ya ntchito zapakhomo, chifukwa bata silingabwere ngati chilichonse chikudikira manja anu. Simunanene misinkhu ya ana, koma mwana wa sitandade 4 kupita m'tsogolo akhoza kuchapa yunifomu yake, kutsuka mbale, kukoleza moto, wamwamuna yemwe, musamusiye kuti ndi mnyamata. Bambo akabwera kuulendo muwafotokozere za kamphindi kanu ka m'mawa kuti akadziwe ndi kukalemekeza, mwinanso adzakhala nanu. Mukakwanitsa kugona 10 m'malo mwa 11 mwapindula ola lathunthu, ndipo mudzadabwa momwe pemphero la m'mawa lisinthire ndi ola limodzi lokhalo. Lamulungu masana nalo litetezeni. Lamulo la Sabata pa Deuteronomo 5 limatchula mwana, wantchito, ng'ombe, bulu ndi mlendo kuti onse apume, ndipo chifukwa chomwe chaperekedwa ndi choti munali akapolo ndipo Mulungu anakutulutsani. Kapolo ndi amene sapuma. Mukaweruka kutchalitchi idyani, yalani mphasa mugone, zochapa zidikire.

Chinthu china chomwe ndikufuna mudziwiretu kuti musadzakhumudwe, mukhoza kuchita zonsezi mwezi wathunthu osamva kalikonse. Osalira, osanjenjemera, osamva kutentha mumtima. Tinaphunzitsidwa kuyeza kupezeka kwa Mulungu ndi momwe thupi likumvera nyimbo ikafika pokoma, koma kumva kumasintha ndi njala, ndi tulo, ndi nthawi ya mwezi, ndi momwe geni yayendera. Mother Teresa wa ku Kolkata, amene dziko lonse linkamuona ngati woyandikana ndi Mulungu, makalata ake atasindikizidwa mu 2007 anthu anadabwa kuona kuti kwa zaka zambirimbiri ankamva mdima ndi kuuma mumtima, koma m'mawa uliwonse ankapezeka pa pemphero n'kupita kukasamalira odwala. Masalimo 88 amathera mumdima osatulukamo, ndipo Mulungu analola kuti akhale m'Baibulo. Ndiye musamadziyeze tsiku ndi tsiku. Pakatha miyezi iwiri itatu yang'anani zina, kodi ana ndikuwakalipira ngati kale, kodi belo likatuluka loipa ndikugwa nalo ngati kale, kodi mnzanga uja ndayamba kumukhululukira. Nthawi zambiri oyamba kuona kusintha ndi a m'nyumba mwanu inu musanaone. Tsiku lina mudzadzuka mochedwa, mwana adzadwala, maliro adzagwa, kamphindi kaja kadzadumphidwa. Musadziimbe mlandu ndipo musayese kubweza ngongole popemphera kawiri, mawa lake khalaninso pampando paja basi.

Pomaliza mayi, pali malire omwe ndikufuna muwayang'anire. Ngati kuuma mukunenaku kukubwera limodzi ndi kusowa tulo olo mwatopa, kusafuna kudya, kulira popanda chifukwa, kusasangalala ndi chilichonse kwa masabata awiri kapena kuposa, mtima kugunda kwambiri, mutu kuwawa kumbuyo kuno pafupipafupi, kapena maganizo oti bola kufa, chimenecho si chofunika pemphero lokha. Pitani kuchipatala akakuyezeni BP, shuga ndi magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi nako kumafooketsa amayi ambiri osadziwa, ndipo muwauze adokotala kapena anesi za maganizowo mosabisa, matenda a nkhawa ndi okhumudwa ali ndi chithandizo ndipo kupita kukalandira si kuchepa chikhulupiriro. Mupezenso mayi mmodzi wachikulire mu Mvano mwanumo, wosunga chinsinsi, osati gulu, mmodzi yekha, amene mungamuuze zomwe mwandiuza inezi ndipo azikufunsani pakapita nthawi kuti kamphindi kaja kakuyenda bwanji. Ndikukupemphererani pamodzi ndi ana ndi bambo ali pamsewuwo, ndipo mukayesa kwa mwezi mudzandilemberenso momwe zikuyendera.